Nyanja ya mwana wanga ili pamwamba pa phiri

Ndinabadwira ku Nkhotakota, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinaphunzira kusambira, monga momwe munthu sakumbukira tsiku limene anayamba kuyenda. Kwathu mwana amadziwa madzi asanadziwe khomo la sukulu. Komabe zaka zanga zoyamba zonse kuno ku Cape Town ndinakhala osaviika ngakhale phazi m'madzi, ngakhale kuti mzindawu wazingidwa ndi nyanja yamchere. Madzi ake ndi ozizira kobaya m'mafupa, mafunde ake ndi aukali, ndiponso munthu wogwira ntchito ya m'maluwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka tsiku lake ndi limodzi lokha, la tchalitchi, kuchapa ndi kuimba foni kumudzi.

M'mawa uliwonse tinkadutsa pa msewu wa Ou Kaapse Weg, titakhala kumbuyo kwa galimoto ya ntchito, kuchokera ku Masiphumelele kupita ku Tokai. Msewuwu unatsegulidwa mu 1968, ndipo umakwera phiri mokhotakhota. Pamwamba pake pali chikwangwani cholembedwa kuti Silvermine. Ndinachiwerenga kosawerengeka, koma sindinaganizepo kuti nanenso ndingakhotere kumeneko. Ndinkati amenewo ndi malo a anthu oyenda ndi agalu ndi njinga zodula, anthu amene amakwera phiri popanda kanthu kokatenga. Ife tinakula tikudziwa kuti wopita kuphiri amabwerako ndi nkhuni, bowa kapena mankhwala.

Amene anandichotsa tulo ndi mayi a kunyumba. Mwana wathu wamkazi, wobadwira konkuno, anali atakwanitsa zaka 9 akuopa madzi ngati mphaka. Tsiku lina madzulo mayi ake anati, "Bambo a mwana, mdzukulu wa asodzi osadziwa kusambira! Tikadzapita kumudzi mukawauza chiyani agogo ake?" Ndinaseka, koma mawuwo anandilasa. Panali kale zambiri zimene ndinalephera kumupatsa mwanayu. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi kapena m'Chixhosa cha anzake. Usipa amaudziwa wouma wokha, wobwera pa basi. Ndinaona kuti ndikapanda kusamala, adzakula wopanda chilichonse cha kunyanja.

Lamulungu lina mu Januwale, mnzathu wa kutchalitchi amene ali ndi galimoto anatitenga. Pachipata pamalipidwa ndalama, ndipo mtengo umasiyana malinga ndi kumene munthu akuchokera, choncho chiphaso chimafunika. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene abale athu ambiri safikako, pakuti si onse amene zikalata zawo zili bwino. Kuchokera poimika galimoto tinayenda pang'ono chabe, ndipo madzi aja anaonekera pakati pa mapiri, odekha, akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mwana anagwira dzanja langa nati, "Adadi, madzi ake ndi oipa." Ndinamuuza zimene ndinaphunzira pa ntchito yanga: mtundu umenewo umachokera ku mizu ndi masamba a zitsamba za kuno zotchedwa fynbos, zimene zimadaya mitsinje yonse ya m'mapiri ano. Ukatunga m'manja, madziwo amaoneka mbee, ofiirira pang'ono.

Dzina la Silvermine limanena za mgodi wa siliva, koma siliva wake sanapezeke. Cha m'ma 1680, kampani ya Adatchi imene inakhazikika kuno mu 1652 inakumba maenje m'mapiri amenewa poyembekezera chuma, nkubwerako chimanjamanja. Dzina lokha ndilo linatsala. Chuma chenicheni cha phirili chinali madzi. Mu 1898 anamanga khoma lotchinga mtsinje kuti apereke madzi akumwa ku Kalk Bay ndi ku Muizenberg, midzi ya m'mphepete mwa nyanja imene inkakula msanga. Zinali zaka za ludzu mumzinda wonse. Pamwamba pa Table Mountain, katswiri wa ku Scotland, Thomas Stewart, anatsiriza damu la Woodhead mu 1897, ndipo la Hely-Hutchinson linatha mu 1904. Katundu ankakwezedwa paphiripo pa chingwe kudzera pa chigwa cha Kasteelspoort, ndipo kasitima ka nthunzi kamene kankakoka katunduyo kakusungidwabe komweko. Madamu a pamwambapo alipo 5, koma kusambiramo nkoletsedwa. La Silvermine linasiya kumwetsa anthu pamene mzinda unayamba kutenga madzi ku madamu akuluakulu akutali, ndipo lero ndi malo osambira, odyera kamba wa paulendo ndi opumulira, pansi pa Table Mountain National Park, nkhalango yotetezedwa imene inakhazikitsidwa mu 1998.

Ndikaona makoma amenewa ndimaganiza za manja amene ananyamula miyala. Maina amene anatsala ndi a meya, a bwanamkubwa ndi a katswiri. Onyamula katundu maina awo anapita ndi mphepo, monga anapitira a agogo athu amene anatsikira m'migodi ya ku Joni. Mwina nchifukwa chake ndinasiya kudziona ngati mlendo pamalopo. Malo omangidwa ndi anthu a ntchito sangakhale oletsedwa kwa munthu wa ntchito.

Tili chikhalire pamwala, mwana anafunsa funso limene ndabwera nalo kwa inu. "Adadi, m'Chichewa iyi ndi chiyani? Ndi nyanja?" Ndinayamba kuyankha kuti ayi, koma ndinakakamira. Nyanja kwa ine ndi ija yosaoneka tsidya, imene inapatsa dzina chilankhulo chathu ndi mtundu wa Anyanja. Dziwe ndi malo akuya pamtsinje, monga Dziwe la Nkhalamba la ku Mulanje, kumene makolo ankathira nsembe. Thamanda ndi madzi a mvula ongoima, amene amaphwa dzuwa likakula. Damu ndi mawu obwereka, ndipo ndi amene timatchulira Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, malo amene amafanana kwambiri ndi ano. Nanga inu a ku Tete, madzi a Cahora Bassa mumawatcha chiyani? Inu a ku Lusaka, kodi Kariba simuitcha nyanja, ngakhale kuti inamangidwa ndi anthu? Ngati nchoncho, ndiye kuti chimene chimapanga nyanja ndi kukula kwake, kapena pali chinanso?

Tsiku limenelo sindinathe kuganiza zonsezi. Ndinavula malaya nkulowa. Madzi anali ozizirira bwino, opanda mchere, opepuka pathupi ngati a kwathu. Mikono inakumbuka yokha. Ndinadzipeza ndikuyang'anayang'ana m'mabango mwachizolowezi, kenaka ndinaseka ndekha, chifukwa kuno kulibe ng'ona, kulibe mvuu, ngakhale likodzo kulibe. Mphepo inali kuomba kuchokera kummwera chakummawa, mbali yomweyo imene mwera umachokera. Kusiyana kwake nkwakuti mwera wathu umavuta m'miyezi yozizira, pamene ya kuno imalimba nthawi yotentha, ndipo mvula ya kuno imagwa mu Juni ndi Julayi, pamene kwathu anthu atakolola kale.

Mwana anakana kulowa kwa nthawi yaitali. Sindinamukakamize. Ndinachita zimene akuluakulu ankachita nafe: ndinaima pamene madzi amalekeza m'chiuno, nkumuuza kuti agone chagada pa manja anga. Mawu onse ndinkanena m'Chichewa, popeza a Chingerezi a zimenezi sindiwadziwa. Tambasula mikono. Usaumitse khosi. Puma. Yandama. Ndinachotsa dzanja limodzi, kenaka linzake, iye osadziwa. Atazindikira, anamwa madzi pang'ono, natsokomola, nakalipa. Koma atapuma anati, "Adadi, ndiyandamenso." Liwu limenelo sindinamumvepo akulinena.

Kuyambira pamenepo timapitako chilimwe chilichonse. Ndaphunzira kuyenda popanda chokatenga. Pali kanjira ka matabwa kozungulira damuli, koti ngakhale wa njinga ya olumala amadutsa, ndipo pali njira yokwera kupita ku phanga la Elephant's Eye, kumene munthu amaona mzinda uli pansi. Ndaphunziranso kuti malowa ndi osalimba monga amaonekera. Mu Malichi 2015 moto waukulu unapsereza mapiri amenewa ndipo Silvermine inatsekedwa kwa miyezi yambiri, ngakhale kuti fynbos imafuna moto wa apo ndi apo kuti mbewu zake zimere. Mu 2018 chilala chitafika poipa, tinkaloledwa malita 50 okha pa munthu patsiku, ndipo ife amene tinakula tikutunga pachitsime ndi amene tinkaphunzitsa ena kusunga madzi otsukira mbale. Amene anaona zimenezo sataya botolo kapena chotsalira cha fodya m'mbali mwa madzi.

Chaka chatha tinapita naye kumudzi koyamba. Atafika pamchenga ku Nkhotakota anaima nthawi yaitali, akufunafuna tsidya lina. Agogo ake anali atakhala pa bwato logadabuzika, akumuyang'ana. Kenaka mwana anathamanga nkudziponya m'madzi pamodzi ndi asuweni ake, ndipo agogo anangogwedeza mutu nati, "Ameneyu ndi wathu."

Madzulo ake agogo anamufunsa kumene anaphunzirira. Iye anayankha m'Chichewa chake chopunduka kuti, "Ku nyanja yathu, ya pamwamba pa phiri." Anthu anaseka, ena nkundiyang'ana kuti ndimukonze. Ine sindinamukonze, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati analakwitsa. Inu odziwa chilankhulo, ndithandizeni.