Chiphaso cha amayi anga ndi ngongole ya dziko

Amayi anga adakulira ku Namwera, koma malume awo onse adaikidwa ku Mandimba, tsidya lija la Mozambique. Mzere umene Angelezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 udadula pakati pa mbumba imodzi, ndipo makolo athu a Chiyao sadaulabadire kwenikweni: munda uku, manda uko, maliro ndi sadaka n'kumayenderana monga kale. Lero amayiwo ndikukhala nawo kuno ku Chigumula chifukwa cha matenda a shuga, ndipo chiphaso chawo cha unzika ndicho chandilembetsa nkhaniyi.

M'chaka cha 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa m'kaundula wa dziko, ine ndidali mmodzi mwa olimbikitsa. Akuluakulu ena kumudzi ankaopa kujambulidwa zala, ndipo ndidawakumbutsa kuti Khalifa Umar bin al-Khattab, Allah asangalale naye, ndiye adakhazikitsa diwani, kaundula wa maina a anthu oyenera kulandira gawo lawo kuchokera m'thumba la Asilamu. Amayi adandimvera. Mlembi atawafunsa tsiku lobadwa, adayankha kuti adabadwa chaka cha njala, ndipo iye adalemba 1 January 1949. Ndikuganiza kuti theka la mudzi wathu lidabadwa pa 1 January.

Patapita zaka zochepa adapita kukagula feteleza wotsika mtengo, n'kubwezedwa. Akuti chiphaso chatha mphamvu. Madzulo ake adandiimbira foni. "Mwanangu, iwe ndiwe wophunzira. Ine ndikadali moyo, nanga chitupachi chafa bwanji?" Ndidasowa choyankha. Maulendo atatu opita kuboma adadya ndalama yoposa imene akadapulumutsa pa matumba awiriwo, ndipo chaka chimenecho chimanga chidatha mwezi wa October usanafike. Pambuyo pake boma lidaimitsa kaye lamulo loti ziphaso zizitha mphamvu, koma nyengo yodzala inali itapita.

Apa m'pamene ndidaona kuti fanizo langa lija linali lopelewera. Umar ankalemba maina kuti thumba lipeze mwini gawo. Kaundula wathu nthawi zambiri amagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata: popanda chiphaso palibe nambala ya foni, palibe akaunti ku banki, palibe feteleza. Sindikunena kuti chiphaso n'choipa. Chidachotsa maina ena abodza pa ndandanda wa malipiro, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mtolo wake ukalemera, umalemerera nkhalamba yosadziwa kuwerenga.

Tidauzidwanso kuti malire athu akhwima. Mu October 2022 mitembo 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anthu amenewo sadagwe kuchokera kumwamba. Adadutsa m'misewu yathu yomwe ili ndi zotchinga zambirimbiri. Ana amene ndidawaphunzitsa alifu ndi bee, ena mwa iwo ali ku Joni lero, ndipo akabwera amasimba poyera kuti paulendo chimene chimatsegula njira msanga si pepala ayi. Wovutika pa malire ndi mayi wosenza thumba la nandolo, ndi mwana wothamangira janaza ya malume ake.

Funso limene limandisowetsa tulo ndi la ndalama. Bajeti ya 2024/25 inali pafupifupi K6 trillion, ndipo ndalama zoposa K1.4 trillion mwa zimenezi zinali zoti zikongoledwe. Chiwongola dzanja cha ngongole zakale chidatenga ndalama zochuluka kuposa za unduna wa zaumoyo. Komatu mu 2006 mayiko ndi mabungwe otikongoza adatikhululukira gawo lalikulu la ngongole zakunja. Sizidathe zaka makumi awiri tabwereranso m'dzenje lomwelo. Akatswiri amati kupelewera kwa bajeti si tchimo ngati ndalamazo zikumanga zinthu zobweza phindu. Ndikuvomereza. Andisonyeze tsono zimene zidamangidwa, pakuti chimene ine ndidaona ndi kwacha kutsika ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira kukwera pamsika wa Chigumula, ndi makolo kubwera kudzapepesa kuti mwezi uno ya madrasa palibe.

Ndime yaitali kwambiri m'Qur'an yolemekezeka, m'Surat al-Baqarah, ndi yonena za ngongole: ilembedwe, pakhale mboni, nthawi yobweza idziwike. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adazengereza kuswalira janaza ya munthu wangongole kufikira wina atalonjeza kuibweza. Ndikamaphunzitsa zimenezi ndimayang'ana ana makumi anayi atakhala pamkeka, ndipo ndimadziwa kuti obweza ngongole ya lero ndi iwowa, amene sadaitanidwe kudzakhala mboni. Boma likudziwa dzina langa, nkhope yanga ndi zala zanga khumi. Ine sindidaonepo kaundula wosonyeza m'chilankhulo changa kuti tidakongola kwa yani, zingati, ndipo zidapita kuti.

Amayi adalandira chiphaso chatsopano. Amachisunga m'kansalu komwe amamangamo ndalama za sanda yawo, ndipo Lachisanu lililonse tikachokera ku Jumu'a amandipatsa kuti ndiwawerengerenso tsiku limene chidzathe mphamvu.