Tikukumba miyala imene sitikuidziwa

Nkhani ya migodi ikabuka pakati pa ife ophunzira, imathera pa ndalama: Kangankunde ku Balaka adzabweretsa madola angati, Songwe Hill ku Phalombe adzalemba anthu angati ntchito. Sindinamvepo wina akufunsa kuti miyalayo ikachoka kuno imakagwira ntchito yanji. Ndikuuzeni imodzi yokha.

M'gulu la miyala yosowayi muli gadolinium. Maatomu ake ali ngati timaginito ting'onoting'ono tolozera kulikonse. Mukamuika pa maginito amphamvu, timaginitoto timafola mzere ndipo iye amatentha. Mukachotsa kutenthako kenako n'kuchotsanso maginito aja, timabalalikanso, ndipo mphamvu yobalalikira timaitenga m'kutentha kumene kwatsala. Mwalawo umazizira kuposa poyamba.

Mu 1933, William Giauque ndi mnzake ku Berkeley anagwiritsa ntchito mchere wa gadolinium kufika pa 0.25 kelvin, kufupi kwenikweni ndi madigiri -273.15, malire a kuzizira konse. Mu 1949 analandira mphoto ya Nobel. Lero njira yomweyi imaziziritsa zipangizo zina zounikira mlengalenga, ndipo akatswiri akuyesa kupanga mafiriji opanda gasi. Mafiriji otere amafuna maginito amphamvu, opangidwa ndi neodymium, yemweyo amene ali ku Kangankunde.

Kwathu ku Mchinji kuzizira timachita kugula. Firiji ya m'golosale pa boma, ya katemera kuchipatala, ngakhale yosungira mkaka wa alimi, zonse n'zochokera kunja. Ndakula ndikuona malole akudutsa pachipata cha Mwami, ndipo ndikudziwa mmene malonda athu amayendera: timatulutsa zosakonza, timalowetsa zokonzeka. Tinatero ndi fodya, tikutero ndi mtedza. Tidzateronso ndi miyala?

Sindikunena kuti mawa tipanga firiji ya maginito ku Kamwendo. Ngakhale kunjako sinafike m'masitolo wamba. Koma amene sadziwa ntchito ya chimene akugulitsa amauzidwa mtengo ndi wogula. Pokambirana mapangano a migodi pamakhala maloya ndi akatswiri a zachuma. Pafunikanso Mmalawi wodziwa kusiyana kwa neodymium ndi gadolinium.

Munthu ameneyo sadzagwa kumwamba. Ali m'kalasi ya fizikisi kapena kemisitiri lero, akunenedwa kuti anasankha maphunziro opanda ntchito. Ngati ndinuyo, musasinthe kosi. Mgodi umatha, ndipo ukadzatha tidzatsala ndi dzenje komanso zimene tinaphunzira.