Mliri wa ku Wisborg

Kanema wotchedwa Nosferatu, amene F. W. Murnau anakonza ku Germany namuonetsa mumzinda wa Berlin m'chaka cha 1922, anali mmodzi wa akanema amene ife anyamata tinkawanyoza, pakuti maso athu, ozolowera mfuti, nkhonya ndi mwazi wofiira wa m'nyumba zoonetsera vidiyo, sankapeza choopsa mwa nkhalamba yadazi, yamakutu osongoka ndi mano awiri onga a khoswe, yosatulutsa liwu ngakhale limodzi. Komanso tepi imene inatifika inali yofwifwa: eni ake ananyika zochitika za usiku mu utoto wobiriwira ndi za usana mu wachikasu, koma yathuyo inalibe mitunduyi, kotero kuti nkhalamba ija, Count Orlok, amene imfa yake ili m'dzuwa, ankaoneka akuyenda masanasana atapanira bokosi lake lamaliro m'khwapa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene ndinamuonanso kanemayu imvi zitabuka, nditaperekeza kumanda abale ndi anansi ambiri, poyamba m'zaka za Edzi ndipo pambuyo pake m'masiku a Covid-19, mtima wanga sunaime pa zikhadabo za Max Schreck, amene anasewera ngati Orlok, ngakhale kuti mthunzi wake wokwera makwerero ndi luso losaiwalika. Unaima pa chombo cholowa padoko la Wisborg, mzinda wa m'kanemamo, amalinyero onse atatha, makoswe akutuluka m'mimba mwake. Woimba ng'oma alengeza za mliri, ndipo mazenera atsekedwa limodzilimodzi. Munthu wina ayenda khomo ndi khomo, choko chili m'manja, nalemba mtanda pachitseko chilichonse pamene imfa yalowa, osathamanga, osalira, monga wogwira ntchito imene waizolowera kale. Kenaka mkazi wina dzina lake Ellen asuzumira pazenera, naona mabokosi amaliro atandondozana mumsewu wopapatiza, lina pambuyo pa linzake, kufikira kumene diso lilekeza. Pamenepo ndinagwira pakamwa, chifukwa mzere wotere ndinali nditauona ndi maso anga.

Amene anakhala pansi kuonera mu 1922 anali atangotuluka m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi m'chimfine chimene chinapulula anthu miyandamiyanda pa dziko lonse. Iwo sanafunikire wowamasulira. Murnau anadziwanso chimene mantha amabala m'mudzi, pakuti anthu a ku Wisborg, posowa pogwira, athamangitsa wamisala wina dzina lake Knock ndi miyala, ndipo atamuphonya akhadzula chiopsezo cha mbalame m'munda. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, sangaseke poona zimenezi.

Kanemayu akadatha kutayika ndithu. Nkhani yake inatengedwa m'buku la Dracula la Bram Stoker popanda chilolezo, ndipo mkazi wamasiye wa mlembiyo, Florence Stoker, atakadandaula, bwalo lamilandu linalamula mu 1925 kuti makope onse awonongedwe. Mayiyo anali ndi chifukwa chomveka, ndipo sindimuweruza. Koma ndikuthokoza kuti makope ena anali atawoloka kale malire, ndi kuti akatswiri a m'nyumba zosungira akanema anawasonkhanitsa moleza mtima, nabwezeramo mitundu ya usiku ndi usana.