Fargo ikatha, ndionere chiyani?

Chimandikoka mu Fargo, sewero la pa TV limene Noah Hawley anayamba mu 2014, si magazi ayi. Ndi Lester Nygaard, wogulitsa inshuwalansi amene bodza limodzi likumubalira mabodza khumi. N'chifukwa chake posaka zofanana nalo sindidalira zimene intaneti ikundilozera, poti imangoona kuti muli mfuti. Ndimasaka munthu amene wapalamula n'kusowa pogwira. Mu filimu ya In Bruges ya 2008 alimo. M'buku la Oyinkan Braithwaite, My Sister, the Serial Killer, ndi namwino wa ku Lagos amene amakolopa magazi mng'ono wake akapha chibwenzi. Koma mapodikasiti a nthabwala onena za milandu yeniyeni ndimawalambalala. Ophedwawo ali ndi abale, ndipo pamaliro enieni sindingaseke.