Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Kusankha Malo Okaona ku Japan

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mwambi umenewu ndidauloweza ndili ku pulayimale, koma tanthauzo lake ndidakalimvetsa ndili ku Japan, m'thumba mutauma gwaa. Ndidafika mumzinda wa Fukuoka, pachilumba cha Kyushu, mu Okutobala 2022 kuti ndikaphunzire Chijapani kwa chaka chimodzi. Ndalama yomwe ndinkalandira pamwezi inkakwana lendi, chakudya ndi mabuku, ndipo ndikadzimana kwambiri inkatsalako pang'ono. Pang'ono pameneponso pankadalira makolo anga ku Ntchisi. Motero ulendo uliwonse wokaona malo udali ndi mtengo wake: ndikayenda, ndiye kuti mwezi umenewo kumudzi sikupita kanthu.

Ngakhale zidali choncho, sabata yoyamba isanathe ndidali nditalemba kale mayina a malo 23 kumapeto kwa kope langa. Mudali Tokyo, phiri la Fuji, Kyoto, Nara, Osaka, Hiroshima, Sapporo ndi ena otero. Mayinawa ndidangowatola m'timabuku ta alendo ndi pazithunzi zomwe anzanga ankaika pa Facebook. Mukadandifunsa chifukwa chomwe ndidalembera dzina lililonse, yankho likadakhala limodzi: aliyense amapita kumeneko.

Mwayi woyamba udapezeka kumapeto kwa Epulo 2023, nthawi yomwe Ajapani amaitcha Golden Week. Iyi ndi sabata imene masiku angapo atchuthi amagundana, ndipo dziko lonse limanyamuka nthawi imodzi. Poti safunsa adadya phula, ine sindidafunse munthu. Ndinkaganiza kuti ndigula tikiti yotchedwa Japan Rail Pass, yomwe munthu amakwera nayo masitima ambiri pamtengo umodzi, koma nditafika pogulira matikiti adandiuza mwaulemu kuti tikitiyo ndi ya alendo ongodzacheza, osati ife okhala m'dzikomo ndi chilolezo cha ophunzira. M'malo mobwerera kukaganiza bwino, ndidagula tikiti ya Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ija, yomwe kuchokera ku Hakata kukafika ku Kyoto idandidyera mayeni oposa 15,000 ulendo wopita wokha.

Masiku atatu amenewo ndidayenda ngati wothamangitsidwa. Ku Kyoto, mzinda womwe udali likulu la dziko kuyambira chaka cha 794 mpaka m'ma 1860, ndidathamangira ku Kinkaku-ji, kachisi wokutidwa ndi golide yemwe adaima m'mphepete mwa dziwe. Anthu adali pikitipikiti, moti chomwe ndidaona kwambiri ndi nkhongo za anzanga ndi mafoni okwezedwa m'mwamba. Ndidajambula, n'kutuluka. Madzulo ake ndidali ku Fushimi Inari, komwe zipata zofiira zikwizikwi zidandandalikidwa mokwera phiri, koma ndidabwerera panjira poopa kuphonya basi. Mawa lake ndidali ku Nara, kujambula agwape oyenda pakati pa anthu ndi chifanizo chachikulu cha Buddha cha m'kachisi wa Todai-ji, chotalika pafupifupi mamita 15. Tsiku lachitatu ndidadutsa mu Osaka, miyendo itatupa. Ndidabwerera ku Fukuoka ndi zithunzi zodzaza foni, mayina atatu nditawakhwatcha m'kope, ndalama ya miyezi itatu yosunga itapita. Mwezi wa Meyi wonse ndiwo zanga zidali mazira ndi mphukira za nyemba, zomwe ndi zotsika mtengo kwambiri m'masitolo a kumeneko, ndipo kumudzi ndidangotumiza moni.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi athu, mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu, adatiuza kuti aliyense afotokoze m'Chijapani za komwe adapita. Ine ndidatchula mayina onse monyadira. Nditamaliza adandifunsa kuti, "Nanga pa zonsezo, n'chiyani chomwe simunkachidziwa musanapite, chomwe tsopano mukuchidziwa?" Ndidatsegula pakamwa koma mawu sadatuluke, ndipo vuto silidali Chijapani. Ngakhale akadandilola kuyankha m'Chichewa, ndikadasowabe chonena. Iwo sadandinyoze. Adangondiuza kuti kachisi wagolide yemwe ndidamujambulayo adamangidwanso mu 1955, chifukwa woyambayo adatenthedwa mu 1950 ndi mnyamata wina yemwe ankaphunzira unsembe pomwepo. Ndidaima pamalo pamene padachitikira nkhani yotere, koma ndidachokapo ndisakudziwa kanthu.

Usiku umenewo ndidatenga kope lija n'kuyamba kudzifunsa pa dzina lililonse kuti, kodi kumeneku ndikufuna kukadziwako chiyani? Mayina ambiri adalephera mayeso amenewa. Sikuti malowo ndi achabe ayi, koma ineyo ndidalibe funso lopita nalo. Kuyambira pamenepo ndidatsimikiza zoti malo oyenera ndalama yanga ndi okhawo amene ndili ndi funso lomwe angandiyankhe, amene ndingathe kukhalako osachepera masiku awiri, komanso amene ndingawafikire nthawi yomwe dziko lonse silili pamsewu. Nthawi zodzaza anthu ku Japan zimadziwika: Golden Week, masiku a Obon pakati pa Ogasiti pamene mabanja amabwerera kwawo kukakumbukira makolo omwe adamwalira, ndi nyengo ya chaka chatsopano.

Funso loyamba lidachokera m'kalasi momwe. Tsiku lina tidaphunzira mawu oti karuta, dzina la masewera a makadi omwe Ajapani amakonda pa chaka chatsopano. Aphunzitsi atanena kuti mawuwa adachokera ku mawu a Chipwitikizi oti carta, ndidadzidzimuka, chifukwa nafenso mawu athu oti kalata adachokera komweko. Apwitikizi omwe adatisiyira mawu monga kalata ndi nsapato kudzera m'chigwa cha Zambezi ndi omwewo adasiyira Ajapani pan, kutanthauza buledi, ndi tabako, kutanthauza fodya. Kodi mawu amenewa adalowera khomo liti m'dziko lomwe lidadzitsekera kwa zaka zoposa 200? Yankho lidali ku Nagasaki, mzinda wa pachilumba chomwecho cha Kyushu, womwe pamndandanda wanga woyamba sudalipo n'komwe.

Ulendo uno ndidafunsa kaye. Mnzanga wina wa Chijapani adandiuza za tikiti yotchedwa Seishun 18, yomwe imagulitsidwa pa nyengo za tchuthi cha sukulu ndipo imagwira ntchito m'masitima wamba okhaokha. Mu 2023 ndidaigula mayeni 12,050, ndipo idali ya masiku asanu omwe munthu ankasankha yekha. Malamulo ake adasintha kumapeto kwa 2024, moti tsopano masikuwo amayenera kukhala otsatizana, koma ikadali njira yabwino kwa wophunzira amene ali ndi nthawi yambiri kuposa ndalama. Kumapeto kwa Julayi ndidanyamuka m'mawa, n'kusintha sitima kangapo, ndikuona minda ya mpunga ndi magombe zomwe pa Shinkansen zimangodutsa ngati mphezi.

Ku Nagasaki ndidakhala masiku atatu. Tsiku loyamba lonse ndidathera pa Dejima, kachilumba kochita kumanga komwe adakamaliza mu 1636 kuti Apwitikizi azikhala pamalo amodzi. Iwo atathamangitsidwa, Adatchi adasamutsidwirapo mu 1641, ndipo kwa zaka zoposa 200 adali Azungu okhawo ololedwa kuchita malonda ndi Japan. Lero kachilumbako kadazingidwa ndi misewu ndi nyumba chifukwa nyanja yozungulira idakwiriridwa, koma nyumba zambiri za nthawi imeneyo adazimanganso. Chomwe chidandigwira mtima ndi nkhani ya omasulira. Ntchitoyi inkayenda m'mabanja, mwana kulowa m'malo mwa bambo ake, ndipo kudzera mwa iwo mabuku a zamankhwala ndi sayansi ya ku Ulaya adalowa m'Chijapani. Mawu monga koohii, biiru ndi garasu, kutanthauza khofi, mowa ndi galasi, adadzera pakhomo lopapatiza limeneli. Monga wophunzira zilankhulo, ndidaona ngati ndakafika pamanda a makolo a ntchito yanga.

Tsiku lachiwiri ndidapita ku Urakami, dera lomwe bomba la nyukiliya lidaphulikira pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ili 11:02 m'mawa. Anthu pafupifupi 74,000 adali atamwalira pofika kumapeto kwa chaka chimenecho. Ku Urakami kunkakhala Akhristu ambiri, zidzukulu za anthu omwe adabisa chikhulupiriro chawo kwa mibadwo ingapo pamene Chikhristu chidali choletsedwa, ndipo tchalitchi chawo chachikulu chidali pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pomwe bombalo lidaphulikira. Chikhristu chimenecho chidabwera ndi zombo zomwezo zimene zidabweretsa karuta ndi pan. Zomwe ndidaona dzulo lake ndi za tsikulo zidalumikizana kukhala nkhani imodzi. Ndidatuluka m'nyumba yosungiramo zinthu zotsala pa bombalo ndisadajambule chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo tsiku lachitatu ndidangoyenda m'misewu yokwera ya mzindawo ndikusinkhasinkha.

Funso lachiwiri silidali langa. Bambo anga ali m'kalabu ya alimi a mtedza, ndipo tsiku lina palamya adandifunsa kuti, "Mwana wanga, paja zoti mudzi umodzi uzikhala ndi katundu wake mmodzi wogulitsa amati zidachokera komweko. Kodi eniakewo adayamba bwanji?" Ndidawayankha kuti, "Ababa, ndikafufuza." Ndondomeko ya One Village One Product, yomwe Malawi idaiyamba mu 2003, idakhazikitsidwa mu 1979 m'chigawo cha Oita ndi bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu. Iye adatengerako nzeru kwa anthu a ku Oyama, dera la m'mapiri lomwe tsopano lili mumzinda wa Hita. Kumeneko malo olima mpunga ndi ochepa, choncho mu 1961 alimi adagwirizana zoyamba kudzala mitengo ya ume, zipatso zonga timapichesi towawasa, ndi ya kuri, mtundu wa mtedza wa mumtengo. Ankalimbikitsana kuti ndalama yake adzapitira ku Hawaii, ndipo ambiri adapitadi.

Anzanga atamva kuti ndikupita ku Oyama adaganiza kuti ndikukaona ziboliboli za Attack on Titan zomwe zili padamu la kumeneko, poti wolemba nthanoyo, Hajime Isayama, kwawo n'komweko. Ine ndidapita kumayambiriro kwa Seputembala ndi mnzanga uja, yemwe agogo ake aakazi amakhala kufupi ndi Hita, ndipo tidagona kwawo masiku awiri. Chijapani cha agogowo chidali chosiyana ndi cha m'buku, moti poyamba ndinkangomva mawu amodziamodzi, mdzukulu wawo n'kumandimasulira. Adandionetsa mitsuko ya umeboshi, ume woviika mumchere ndi kuumitsa padzuwa, n'kundilawitsa mmodzi. Nkhope yanga itakwinyika adaseka mpaka kutuluka misozi. Mawa lake adatitengera kusitolo ya bungwe la alimi, komwe paketi ya ndiwo zamasamba, bowa kapena zipatso imakhala ndi dzina la mlimi wake. Ndidawafunsa kuti, "Agogo, chinsinsi chake n'chiyani?" Iwo adati palibe chinsinsi. Mtengo wa ume subereka chaka chomwe waudzala, ndipo chovuta chidali kupirira zaka zodikirazo osathawa pagulu.

Mawu amenewo ndi amene ndidawatumizira bambo, pamodzi ndi nkhani ya mayina a pamapaketi. Adandifunsa mafunso ambiri kuposa omwe aliyense adandifunsapo pa zithunzi za ku Kyoto, ndipo ulendo uno ndidali ndi mayankho. Maulendo awiriwa pamodzi adandidyera ndalama yochepa kuposa masiku atatu aja, moti miyezi imeneyo kumudzi kudapita kanthu.

Sindikubisa kuti kusankha kumapweteka. Ndidachoka ku Japan ndisadaponde mu Tokyo, ndipo phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, ndimangolidziwa pazithunzi ngati wina aliyense. Achibale akamandifunsa ngati ndidaliona, ndikayankha kuti ayi, amandiyang'ana ngati ndidataya mwayi. Sindinenanso kuti Kyoto ndi Nara ndi malo osayenera. Wolakwa ndidali ine, amene ndidapitako chimanjamanja, wopanda funso, pa nthawi yolakwika. Nditapatsidwa mwayi wina ndingabwerereko, ndikakhale masiku atatu pa akachisi awiri okha, nditawerenga kaye mbiri yawo.

Kwa mnzanga amene akukonzekera kukaphunzira pakati pa Ajapani, langizo langa ndi lakuti asayambe ndi mndandanda wa mayina. Ayambe wakhala m'kalasi, amvetsere, acheze ndi eni dziko, ndipo mafunso adzabwera okha. Funso likapezeka, malo oyenera kupitako amadziwika, ndipo kawirikawiri amakhala pafupi kuposa momwe munthu amaganizira. Kope lija ndikadali nalo. Mayina 20 sadakhwatchidwe mpaka lero, koma m'munsi mwake mudalowa awiri olembedwa ndi cholembera china, Nagasaki ndi Oyama, ndipo ndi amenewa omwe ndimatha kuwafotokoza munthu akandifunsa kuti ku Japan ndidaonako chiyani.