Mpamba Ndi Mbewu, Sudyedwa

Sabata ino tiyeni tilingalire za nkhani imene ili pakamwa pa ambiri a ife, makamaka amene tinalemba mayeso a fomu folo kapena kumaliza maphunziro a ntchito zamanja, koma kalata yotiitana ku ntchito sinafikebe. Paliponse pamene takumana funso limakhala lomwelo: ndiyambe geni yanji, nanga mpamba ndiupeza kuti? Funso la mpamba ndi lalikulu ndithu. Komabe ife amene tinagwirizana kuyamba kuweta nkhuku za nyama taona kuti kusunga mpamba n'kovuta kuposa kuupeza. Geni zambiri za oyamba kumene zimafa ogula alipo, chifukwa mwini wake wadya mpamba poganiza kuti akudya phindu.

Makolo athu ankaidziwa bwino nzeru imeneyi ngakhale sankailemba m'buku. Akakolola, ankasankha zitsononkho za chimanga chokhwima bwino n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Njala ikafika pachimake, ana akugona ndi madeya, palibe amene ankaloledwa kukhudza chimanga chija. Ankadziwa kuti wodya mbewu amakhuta tsiku limodzi n'kulira chaka chonse. Mpamba wa geni ndi mbewu yoteroyo.

Tiyeni tione mmene zimakhalira pa nkhuku, pakuti ndi zimene tikuzidziwa. Anapiye a nkhuku za nyama amagulidwa ali a tsiku limodzi, ndipo akasamalidwa bwino amafika pogulitsidwa pakatha masabata 6. M'masiku oyambirira amafuna kutentha usana ndi usiku, motero pamafunika mbaula ndi makala, kapena nyali za magetsi, ndi munthu wodzuka pakati pa usiku kukaona ngati anapiye sanaunjikane pakona chifukwa cha kuzizira. Pamafunika katemera wa chitopa ndi wa gumboro, amene amathiridwa m'madzi akumwa m'masabata oyambirira. Pamafunika utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi. Koma chimene chimadya ndalama zambiri ndi chakudya. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ikule, choncho anapiye 100 amafuna matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50. Kwa masabata onsewo ndalama zimangotuluka, palibe tambala imene imalowa.

Ndiye limafika sabata logulitsa. Mnyamata amene sanagwirepo ndalama zambiri chotero amaona thumba lake litatupa, ndipo mtima umamuuza kuti walemera. Apa ndi pamene geni imapulumuka kapena kufa. Pa ndalama zonsezo, gawo lalikulu ndi anapiye a ulendo wotsatira, matumba 8 aja, katemera, makala ndi mtengo wa kabaza wonyamula katundu. Chimene chatsala zonsezi zitachotsedwa ndicho phindu, ndipo kawirikawiri chimakhala chochepa kuposa mmene maso anaonera.

Palinso china chimene zaka zapitazi zatiphunzitsa. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo ya katundu inakwera motsatira. Munthu amene anasunga ndalama zofanana ndendende ndi zimene anayambira, n'kudya zotsalazo, anapeza kuti ndalama zomwezo sizikukwanitsanso kugula anapiye ndi chakudya chimene anagula poyamba. Mpamba wake unachepa ngakhale manambala a m'buku sanasinthe. N'chifukwa chake ife timawerengera mpamba wathu mu anapiye ndi matumba. Tisanagawane kanthu, timayamba tapita kukafunsa mtengo wa lero. Wogulitsa kaunjika awerengere mpamba wake m'mabelo, wokazinga mandasi awerengere mu ufa, shuga ndi mafuta ophikira.

Mayesero ena amachokera kunyumba, ndipo ndi ovuta chifukwa amabwera ndi nkhope za anthu amene timawakonda. Nkhuku zikakula, amalume amafika n'kunena kuti, "Mphwanga, undipatseko ziwiri, ndili ndi alendo, ndidzakupatsa kumapeto kwa mwezi." Azakhali nawo amatuma mwana. Pagwa maliro pamudzi, maso onse amayang'ana kukhola. Ife tinaleredwa m'mwambo wothandizana, ndipo sitikufuna kuutaya, pakuti mawa ndife amene tidzafune dzanja la abale. Koma nkhuku 10 zotengedwa pangongole yosabwezedwa zikhoza kumeza phindu lonse la anapiye 100. Njira imene yatithandiza ndi yodzilipira tokha malipiro odziwika pa ulendo uliwonse. Pa malipiro amenewo munthu ali ndi ufulu wothandiza amene akufuna, kupereka chipepeso, ngakhale kugula nkhuku m'khola lake lomwe n'kukapatsa azakhali. Zotsalazo ndi za geni. Tikhoza kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani amalume, izi ndi mbewu, koma landirani imodzi iyi imene ndagula ndi ndalama zanga." Munthu wamkulu amene analimapo amamva mawu otere. Ena amasunga ndalama za geni pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti zisasakanikirane ndi za ndiwo, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino.

Nanga mpamba woyambira? Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za katapila zimapezeka tsiku lomwelo popanda mafunso ambiri, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, pamene nkhuku zimafuna mwezi ndi theka zisanabweretse kanthu. Wobwereka kumeneko amakhala akugwirira ntchito mwini ndalama. Banki mkhonde ndi yabwinopo. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo lero yafika m'midzi ndi m'matauni ambiri a dziko lino. Ubwino wake ndi wakuti chiwongoladzanja chimabwerera kwa mamembala eni ake pa tsiku logawana, ndiponso munthu amazolowera kusunga asanayambe kubwereka. Ngongole za mabungwe nazo ndi ngongole ndithu, ziyenera kubwezedwa ngakhale chitopa chitalowa m'khola. Woyamba kumene achita bwino kuyamba ndi zochepa zimene angathe kupirira zitatayika. Anapiye 25 amaphunzitsa zonse zimene anapiye 500 angaphunzitse, koma pa mtengo wotsika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tisaiwalenso kufuna msika katundu asanafike. Nkhuku ya nyama ikapitirira masabata 6 imadyabe tsiku ndi tsiku, ndipo chimene ikudyacho ndi phindu lathu. Tsono anapiye akadali aang'ono, ndi nthawi yoyendera okazinga tchipisi pa chiwaya, eni malo odyera, aphunzitsi ndi anamwino amene amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, ndi mabanja amene akukonzekera ukwati kapena chinkhoswe. Amene akufuna kugulitsa pa Khirisimasi agule anapiye chapakati pa Novembala, akumbukirenso kuti alimi ena ambiri akuganiza chimodzimodzi. Wogula amene tamugulitsa nkhuku yathanzi pa mtengo woona amabweranso, ndipo amabwera ndi mnzake.

Chida chotsiriza ndi chotsika mtengo kuposa zonse: kope la sukulu ndi cholembera. Tilembe chilichonse chotuluka ndi cholowa, ngakhale mtengo wa machesi oyatsira mbaula. Tilembe mwanapiye aliyense wakufa, ndi dzina la aliyense wotenga pangongole pamodzi ndi tsiku lake. Mutu umaiwala, ndipo umakonda kukumbukira zokoma zokha. Kope silinyengerera munthu. Likanena kuti ulendo uno sitinapindule, tikhale pansi tione chifukwa chake tisanagulenso anapiye ena.

Abale ndi alongo, sabata ino aliyense amene ali ndi geni, kaya ndi ya tomato, ya makala, yometa tsitsi kapena yosoka zovala, atenge kope lake n'kudzifunsa moona mtima: ndikagulitsa zonse lero, kodi ndingathe kugulanso katundu wofanana ndi amene ndinayamba naye? Ngati yankho ndi inde, chotsalacho adye mokondwa. Ngati ndi ayi, amange lamba kaye mpaka mbewu ibwerere kudenga.