Phunziro la ku Sanjala, ku Mapeto a Njanji

Mwana akatiuza kuti afuna kukaphunzira kunja kwa dziko, ambiri a ife maganizo amathamangira ku bwalo la ndege la Chileka ndi ku mizinda yakutali monga Johannesburg, London kapena Beijing. Komatu kulinso kunja kwina kumene munthu amafikako pa galimoto dzuwa lisanalowe. Mukachoka pa Mangochi, n'kuwoloka Shire, n'kukwera zitunda za ku Namwera, n'kudinditsa pasipoti pa Chiponde, ndiye kuti mwatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Mandimba, m'dziko la Mozambique. Kuchokera pamenepo pali makilomita pafupifupi 150 kukafika ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa. Tinayenda ulendo umenewu kukaona mwana wa m'mudzi mwathu amene akuphunzira kumeneko, ndipo tati tikugawireniko zimene tinaona, makamaka inu makolo amene ana anu atsiriza Fomu 4.

Lichinga ndi mzinda wa pamwamba, pa mtunda woposa mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira ngati ku Dedza, ndipo wofika wopanda juzi amagona akunjenjemera. Apwitikizi anakhazikitsa mzindawu m'chaka cha 1931 nautcha Vila Cabral. Dzina la Lichinga linadza dziko litalandira ufulu mu 1975. Kalembera wa 2017 anapezamo anthu oposa 200,000. M'mbali mwa mzinda muli mitengo ya paini, ndipo m'misika mwake mumadzaza nyemba, kachewere ndi usipa wochokera ku nyanja yomwe ija timaidziwa tonse, imene iwo amaitcha Niassa.

Sanjala ndi limodzi mwa magawo a mzindawu, ndipo ndi kumene mnyamata wathu amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya banja lina. Mlendo wochokera ku Malawi sasowa pogwira kumeneko. Galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu, nsima ndi yomweyo, ndipo mayi wogulitsa tomato mukamulonjera m'Chiyao kapena m'Chinyanja amakuyankhani bwino lomwe. Chimene chimakukumbutsani kuti muli kwa eni ndi ndalama ya metikali, zikwangwani za m'Chipwitikizi, ndi minibasi imene kumeneko amaitcha chapa.

Chigawo cha Niassa chili ndi sukulu za ukachenjede zingapo. Universidade Rovuma, imene inapangidwa mu 2019 kuchokera ku nthambi za kumpoto za yunivesite ya aphunzitsi, ili ndi nthambi ku Lichinga. Universidade Católica de Moçambique imaphunzitsa ku Lichinga komanso ku Cuamba, kumene kuli gawo lake la zaulimi. Nayonso Universidade Lúrio ili ndi gawo la zaulimi ku Unango, m'boma la Sanga, kumpoto kwa mzindawu. Chotidabwitsa chinali chakuti m'Chipwitikizi dzina loti injiniya sali la omanga milatho ndi okonza makina okha. Wophunzira za nkhalango kapena za ulimi pa mlingo umenewu amatchedwanso injiniya, chifukwa amayenera kudziwa kuyeza malo, kulemba mapu, kukonza misewu ya m'nkhalango ndi kuyendetsa makina.

Mnyamata wathu ali pa maphunziro a za nkhalango, ndipo sanatibisire kuti chaka choyamba chinali chowawa. Chinyanja chimathandiza pa msika, koma m'kalasi zonse zimayenda m'Chipwitikizi, kuyambira mphunzitsi, mabuku mpaka mayeso. Malikisi sawerengedwa pa 100 koma pa 20, ndipo wopeza 10 ndiye wangokhoza. Ngakhale kalembedwe ka manambala n'kosiyana. Pamene ife timaika kadontho, iwo amaika mpumiro, ndipo pamene ife timaika mpumiro, iwo amaika kadontho. Motero 1.500 kumeneko ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pamene 1,5 ndi chimodzi ndi theka. Kwa munthu wowerengera kulemera kwa katundu kapena mtengo wake, kachizindikiro kameneka kangathe kugwetsa denga kapena bizinesi.

Titamufunsa chifukwa chimene amaonjezera maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi pamwamba pa katundu wolemera kaleyu, anatitengera pa malo ena ogulitsira matabwa. Anatola thabwa limodzi laliwisi ndi lina louma natipatsa kuti tinyamule. "Bambo, mwamva kusiyana kwake?" anatero. "Laliwisili theka lake ndi madzi. Wolikweza pa lole akulipira kunyamula madzi, ndipo likakafika kwa kalipentala limapindika. Kuumitsa bwino ndi nzeru ya injiniya, koma kudziwa ngati ndalama yomangira choumitsira idzabwerera, ndiponso liti, ndi nzeru ya wamalonda. Ndikadziwa imodzi yokha, ndidzakhala wantchito wa amene akudziwa inayo."

Anatifotokozeranso kuti paini wocheka matabwa amatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti akhwime, ndipo chipika chikalowa pa macheka, nthawi zambiri theka lake kapena kuposa limathera ku utuchi ndi zibenthu. Choncho wobzala nkhalango amakhala akulipira antchito, kulima njira zotchinga moto ndi kudulira nthambi kwa zaka zambiri asanaone khobidi. Funso loti mtengo ukula bwanji silisiyana ndi funso loti adzaugula ndani, pa mtengo wanji, ndipo udzayenda bwanji kukafika kwa iye.

Funso la mayendedwe limeneli ndilo linatifikitsa ku siteshoni ya sitima. Njanji yochokera ku doko la Nacala, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, inafika mumzindawu mu 1969, ndipo imathera pomwepo. Amisiri anagwira ntchito yaikulu kuikweza kuchokera ku chigwa mpaka pa phiri. Koma nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okotobala 1992, inaisiya yowonongeka, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake sitima inkabwera mwa apo ndi apo, ikukwawa ngati nkhono. Nzeru yokonzera njanji inalipo. Chimene chinasowa ndi katundu wokwanira kulipira kukonzako. Pa zaka zonsezo anthu a ku Lichinga ankagula simenti, mafuta ndi mchere mokwera mtengo chifukwa cha kutalika kwa ulendo pa msewu wafumbi. Chigawo cha makilomita 262 kuchokera ku Cuamba chinakonzedwanso n'kutsegulidwa mu Novembala 2016, panthawi imene njanji yaikulu ya makilomita 912 yonyamula malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, inali itabweretsa ndalama pa njira ya ku Nacala. Zitsulo zinadzuka pamene malonda anadzuka.

Nafenso kwathu tili ndi chitsanzo chotere. Nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya zipangizo zopangira mapepala. Mitengo inakula bwino, pakuti obzala anaidziwa ntchito yawo, koma fakitaleyo sinamangidwe. Zimene zinatsatira, moto wa chaka ndi chaka ndi kudula kopanda kubzala, aliyense wodutsa pa msewu wa ku Mzuzu anaziona ndi maso ake. Zoona, mutu umodzi susenza denga, ndipo luso limodzi silisenza chitukuko. N'chifukwa chake dzina limene sukulu ya Polytechnic ku Blantyre inatenga itaima payokha, Malawi University of Business and Applied Sciences, lili ndi tanthauzo: malonda ndi luso la manja zaikidwa pa denga limodzi.

Tsono kwa makolo amene mungaganize zotumiza mwana ku Niassa, tili ndi mawu ochepa. Choyamba, mwanayo ayambe Chipwitikizi asanapite, ndipo ngati n'kotheka apatsidwe miyezi ingapo ya chilankhulo chokha, pakuti chaka cha sukulu kumeneko chimayamba kumayambiriro a chaka. Chachiwiri, satifiketi ya MSCE iyenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a maphunziro a dzikolo, ndipo mayunivesite a boma amalembetsa mayeso olowera. Chachitatu, mapepala okhalira m'dziko akhale olongosoka. Kuyandikana kwa malire kusatinyenge kuti chitupa chodutsira tsiku limodzi n'chokwanira wophunzira. Chachinayi, powerengera fizi muwerengerenso kusinthasintha kwa kwacha ndi metikali, lendi, makala ndi bulangete. Safunsa anadya phula. Ndipo koposa zonse, mwana asapite kosadziwika: papezeke banja lomulandira. Mayi a nyumba ya ku Sanjala ija amamutcha mnyamata wathu "mwanangu", ndipo atadwala malungo ndiwo anamuperekeza ku chipatala ife tisanamve n'komwe.

Tisaiwalenso phindu limene mwana wotere amabwera nalo. Katundu wambiri wa Malawi amadutsa pa madoko a Nacala ndi Beira, ndipo mapepala ake, madalaivala a sitima ndi akuluakulu a pa doko amalankhula Chipwitikizi. Mmalawi wodziwa Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chinyanja, amene angathe kuwerenga pulani ya makina ndi buku la ndalama, ndi wosowa ngati madzi a m'chilimwe.

Kawirikawiri pakhomo pamabuka mkangano, bambo akufuna mwana akhale injiniya, mayi akuti achite za bizinesi kuti apeze ntchito msanga. Ife tikuti musamudule pakati. Ngati watenga uinjiniya, mulimbikitseni kuti asapeputse phunziro la kuwerengera ndalama. Ngati watenga zamalonda, apite kumene kuli makina, akadetse manja ndi girisi, adziwe chimene akugulitsa. Mijigo yofa imene ili m'midzi mwathu, zigayo zotsekedwa ndi nyumba zothera pa mawindo zinamangidwa ndi anthu odziwa ntchito, koma panalibe wowerengera za mawa. Tiyeni tilere ana odziwa kumanga, odziwanso kusunga chimene amanga.